Mankhwala a Paliwombo

Mayi amene ndinamulemba pa maphunziro aja ndinali ineyo. Anzanga akuntchito ndinawauza kuti anali mayi wina wa ku Bangwe, ndipo sindinakonzepo bodzali.

Matipate anali atangoyamba kumene. Ine ndinali namwino wongochoka ku koleji, ndikugwira ntchito pa sikelo ku Ndirande, ndili ndi khanda langa loyamba. Kunabwera mphunzitsi, mayi wa imvi, kudzatiphunzitsa kafukufuku wocheza ndi anthu. Tinkafuna kudziwa chimene chinkachedwetsa amayi kubwera ndi ana otsegula m'mimba. Koma iye anati tisanafunse munthu, aliyense ayambe walemba za tsiku limene anaopapo chipatala.

Wanga mwana anali atangochira. Liwombo lake litalowa, apongozi anga, a ku Nsanje, anamumata mankhwala akuda pamutu. Ndinkadziwa kuti vuto ndi loti madzi atha m'thupi, ndipo madzi a mchere ndi shuga ndinkamumwetsa, koma apongozi sindinawaletse. Mtima unkati mwina mankhwalawo athandiza. Kuchipatala ndinazengereza, kudikira kuti mankhwalawo amatuke, poopa kuti anzanga andiseka. Mmene ndinkafika naye n'kuti akulephera kuyamwa. Zonsezi ndinalemba, kungoti pa "ine" ndinaika "mayi wina".

Nditawerenga pagulu, mnzathu wina anati amayi otere ndi umbuli basi, amafunika kuwakalipira. Mphunzitsi sanamutsutse. Anangofunsa kuti ndani m'chipindamo amene kwawo sikunamatidwepo mwana. Kenaka a Sisitala, mkulu wathu amene tonse tinkawaopa, anaseka.

"Anga onse anamatidwa. Tsiku la sikelo ndinkawapukuta ndi sopo mpaka kulira, chonsecho wa sikeloyo ndi ine ndemwe."

Chipinda chonse chinafa ndi phwete, aliyense n'kuyamba kufotokoza za kwawo. Ine ndekha ndinangoti duu.

Mafunso athu tinawasintha. Tinasiya zoti mwachedweranji, tinayamba kufunsa kuti kunyumba anati chiyani mwana atayamba kudwala. Amayi ankayankhula mpaka ife kutopa kulemba, ndipo ena anayamba kubwera msanga, osayamba apukuta mankhwala pamutu pa ana.

Mwana wanga atadwalanso, ndinapita naye tsiku lomwelo, pamutu pali bii. A Sisitala anamulandira, anandiyang'ana pang'ono, n'kuitanitsa kapu ndi supuni zomumwetsera madzi a mchere ndi shuga. Sanandifunse kanthu, inenso sindinanene. Mwanayo anachira msanga.

Nanga inu, mukuti ndinachita bwino kukhala chete, kapena ndikanangowauza pomwepo kuti mayi wa ku Bangwe uja ndi ine?