Tsiku Limene Ndinapeza Abusa Asanu

Ndili m'chaka chachiwiri cha maphunziro aunamwino, anatitumiza kukaphunzira ntchito pa kiliniki ina ku Chawama. M'mawa wina asisita otiyang'anira anandipatsa khanda lobadwa dzulo lake kuti ndilipime ndekha.

Ndinayang'ana liwombo, m'kamwa ndi mchombo, n'kuwerenga zala zonse kawiri. Kunatsala kuona ngati mwanayo amadzidzimuka. Ndinaika kamutu kake m'dzanja langa n'kukatsitsa pang'ono mwadzidzidzi, monga anatiphunzitsira. Pompo anatambasula manja onse m'mwamba, zala zili yangalala, n'kulira mokweza.

Agogo ake, amene anabwera ndi fulasiki ya tiyi, analumpha n'kuimba nthungululu.

"Aleluya! Mwaona ba nesi? Akweza manja kumwamba! Uyu ni m'busa!"

Ndinayesa kuwafotokozera kuti khanda lililonse lathanzi limatero, koma sanandimve. Mayi wa pabedi loyandikana anandikodola.

"Ba nesi, yesaniko na wanga."

Wakenso anakweza manja. Amayi ena anayamba kundiitana uku ndi uku, ndipo pofika nthawi ya nkhomaliro ndinali nditapeza abusa asanu, atatu mwa iwo atsikana.

Asisita atamva phokosolo anabwera, misozi ya kuseka ili mbwe, n'kundiuza kuti pakhadi ndingolemba kuti ana onse ali bwino.

Agogo aja sanakondwe nawo mpikisanowo. Pomanga katundu anandinong'oneza kuti, "Wathu ndiye anayamba. Benangu aba ni madikoni chabe."