Wosunga nyumba amene sanafunse dzina la galu

Lolemba lapitali ndinabwerako ku Blantyre, kumene ndinatha milungu itatu ndikudwazika mayi anga. Nditatsegula geti la nyumba yanga ku Balaka kuno, sindinamve kuuwa. Galu wanga Zilipano, amene amandizindikira ndikadali kutsidya kwa njanji, ndinamupeza atamangiriridwa ku mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, nthiti zonse zikuwerengeka, khosi litanyuka ndi chingwe. M'mbale mwake munali masamba ouma.

Pabalaza kanema anali kulira, ndipo msuweni wanga Fosita anali gada pa sofa, atavala masilipasi anga.

"Asuweni, mwafika? Nyumba yanu ili bwinobwino, palibe chasowa olo supuni."

Olo supuni! Mwamva kunyada kwake?

Mlanduwu ndi wanganso, choncho ndiuyambe poyambira. Ulendo usanachitike ndinafalitsa mawu kuti ndikufuna munthu wosunga nyumba ndi galu. Anabwera anthu awiri.

Woyamba anali Che Yusufu, bambo wakabaza amene amachita lendi kuseri kwa mpanda wanga. Anaima patali ndi galuyo n'kuyamba kufunsa: "Dzina lake ndani? Amadya kangati patsiku? Madeyawo mumachita kuphika kapena kungoviika?" Kenako ananena mosabisa: "Kumugwira iyayi, achimwene, chipembedzo changa mukuchidziwa. Koma njala sangagone nayo."

Ine ndi nzeru zanga za munthu wolemba m'nyuzipepala ndinati mumtima, munthu wosagwira galu angasunge bwanji galu? Ndinawathokoza n'kuwauza kuti ndiwadziwitsa.

Wachiwiri anali Fosita, mwana wa malume anga a kwa Kawinga. Iyeyu anafika chikwama chili kale paphewa. Mafunso akenso analipo atatu: ngati kanemayo amaonetsa mpira wakunja, ngati mayunitsi a magetsi alimo okwanira, ndi ngati firiji imazizira bwino. Galu anali chigonere pakhonde pomwepo, koma sanamuyang'ane n'komwe.

Madzulo ake malume anaimba foni. "Ndamva ukufuna kupereka makiyi kwa munthu wachabe, m'bale wako alipo. Chibale ndi fupa, sichiola."

Ndinapereka makiyi kwa Fosita. Fupalo ndaliona Lolemba, likutuluka m'nthiti za galu wanga.

Nditamufunsa chimene anamumangirira, anati ankauwa alendo ake obwera kudzaonera mpira. Nanga matemba a ku Chiuta amene ndinasiya kuti azisakaniza ku phala la madeya? Anandiyang'ana ngati wopenga ndine.

"Matemba abwinobwino aja kupatsa galu? Asuweni, muziopa Mulungu."

Anadya iye ndi anzake, galu akumva fungo.

Musaganize kuti Fosita ndi mmodzi. Masiku ano kusunga nyumba kwasanduka ntchito yoifunafuna. Mphunzitsi akangonena kuti akupita kwawo patchuthi, namwino akangotumizidwa kukaphunzira, mauthenga amayamba kugwa pafoni: "Ndine munthu wokhulupirika, wopemphera, sindimwa." Zikomo kwambiri, koma amene wakufunsani za kumwa ndani? Ambiri mwa anthuwa safuna ntchito. Akufuna tchuthi m'nyumba ya magetsi, pa matilesi a mwini wake. Posankha nyumba yokasunga amayang'ana kukula kwa sofa, osati zamoyo zimene zili pakhomopo. Nkhuku, mphaka, galu, kwa iwo ndi katundu ngati mpando, woti ukamusiya pakona umupeza pakona pomwepo.

Inu amene mumapempha ntchito imeneyi, ngati galu mumamuopa kapena mumanyansidwa naye, bwanji osanena? Kukana si mlandu. Mlandu ndi kuvomera ndi mano onse panja, kenako n'kumangirira chamoyo padzuwa la ku Balaka lino milungu itatu.

Koma ifenso eni nyumba ndife opusa mwa mtundu wathu. Munthu wodziwa ntchito timamubweza pageti chifukwa si wathu, kapena chifukwa amapemphera Lachisanu pamene ife timapemphera Lamulungu. Makiyi timapereka kwa wachibale chifukwa cha manyazi, kuopa kuti pamaliro adzatinena kuti takhala m'tauni tayamba kudzimva. Manyazi amenewo ndi amene akanapha galu wanga.

Nanga anapulumuka bwanji? Ndikumumasula ndinaona nsungwi yaitali itatsamira mpanda cha kunja, kunsonga kwake atamangirirako chitini ndi waya. Ndinazungulira kukafunsa. Che Yusufu anali kupopa tayala la njinga yawo.

"Ndinapempha asuweni anu kuti anditsegulire geti, koma anati munalamula kuti asalowetse anthu," anatero. "Ndiye ndimangodutsitsa pamwamba. M'mawa madzi ndisanapite ku siteji, masana mkute ukatsala. Pepani, sizinali zokwanira."

Amapepesa iwo! Munthu amene ndinamukana ndiye amapepesa, pamene amene ndinamusankha anali m'nyumba kundifunsa ngati ndabwera ndi buledi wa ku Blantyre. Ndinachita manyazi, ndipo ndikuchitabe mpaka lero.

Zilipano wayamba kudya, ngakhale miyendo yakumbuyo ikadali yonjenjemera. Pakhonde anasiya kugonapo. Amagona m'munsi mwa mpanda, pamene pankatsikira chitini, ndipo belu la njinga likalira kuseriko mchira umayamba kugwedezeka. Ine ndikamuitana amangotukula mutu n'kuugonekanso.

Dzulo malume anaimbanso. Akuti ndikadzakhala ndi ulendo wina ndisavutike kufunafuna, chifukwa Fosita tsopano ntchitoyi waizolowera.

Tsono ndikufunseni, inu amene mukumanga katundu wa ulendo sabata ino: munthu amene mukufuna kumusiyira makiyiyo, dzina la galu wanu wafunsa?