Mtengwa Sachoka pa Maliro

Ndinabwerera ku yunivesite ndili ndi ana atatu, ndipo chinandibweza ndi mkwiyo. Nditaphunzitsa zaka zambiri kupulaimale ku Mavwere, anatibweretsera hedi watsopano, mtsikana amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira pensulo. Iye anali ndi digiri, ine ndinali ndi choko m'zikhadabo. Ndinalembetsa maphunziro owerengera pakhomo, opita ku Lilongwe nthawi ya mayeso yokha.

Zaka zinayi ndinawerenga pa buleki, ndinawerenga m'minibasi, ndinawerenga uku ndikusenda mtedza. Panatsala pepala limodzi lokha basi.

Kutatsala tsiku limodzi kuti ndikalembe, azakhali a amuna anga anamwalira. Ine pamudzipo ndine mtengwa, ndipo mtengwa pamaliro ndiye wotunga madzi, wotola nkhuni, wophikira adzukulu okumba manda. Ndinakagwada kwa apongozi anga aakazi.

"Amayi, mundilole ndikalembe mawa. Pofika madzulo ndikhala nditabwerako."

"Mtembo uli m'nyumba, inu muzikakwera minibasi? Anthu atiyesa chiyani? Pepala siliwola ayi, mudzalemba chaka chamawa."

Ndinacheukira amuna anga. Iwo anali kalikiliki kuyang'ana nsapato zawo ngati azigula kumene. Zimenezo zimandiwawabe kuposa mawu a apongoziwo. Chaka chamawa chija chinandipeza ndili ndi pakati povuta, china chinabwera ndi zake, ndipo digiriyo mpaka lero sindinaigwire.

M'mawa wa tsiku la mayesolo ndinamanga chitenje, n'kusenza ndowa. Cha m'ma 10 koloko, ndikuchokera kumjigo kachisanu, ndinaona mlamu wanga akufika, mng'ono wawo wa amuna anga, amenenso ankaphunzira ku Lilongwe. Analowa m'nyumba ya siwa, anapepesa, anakhala pang'ono ndi azibambo pansi pa mtengo. Ola lisanathe anaimirira n'kusasa thalauza. Akuti anali ndi mayeso masana omwewo.

"Thamangani bambo, sukulu sidikira," anatero apongozi anga, ndi pakamwa pomwe paja. "Azakhali anuwa tiika ndife."

Ndinaima ndowa ili pamutu, madzi n'kuyamba kukhavukira m'khosi. Palibe mayi ngakhale mmodzi pabwalopo amene anadzutsa mutu. Ndinkafuna kukuwa kuti mudzi wonse umve.

Apongozi ananditembenukira.

"Inu, tulani ndowayo. Thamangirani kumsewu mukamuitanire kabaza, mwana angachedwe."

Ndinatula, ndipo ndinathamangadi.