Mayi Ermelinda ndi mdzukulu amene sadamunyamule

Yesu Khristu atamandike m'nyumba zanu zonse, abale a m'parokia muno. Ine ndine Natália wa ku Nsadzo. Ndikufuna kunena za asewere anga, mayi Ermelinda, amene tidawaika m'manda mvula yapitayi itangokata. Mwana wawo Lonjezani ndiye adakwatira mwana wanga Vânia. Ine ndikuyankhula, akatekista athu a Narciso akulemba, ndipo ndawapempha kuti asadule machenjezo anga, chifukwa moto wootcha mwana ndi umene wabisala m'phulusa.

Mayi Ermelinda adabadwira m'banja lothira nsembe patsinde pa msolo, ndipo iwo sadanyozepo makolo awowo ngakhale tsiku limodzi. Ubatizo adaulandira ali namwali, ku Zambia, kumene tidathawira nkhondo. Kumsasa kuja anthu ankatha ndi kutsegula m'mimba. Ife tinkalambalala zisakasa za odwala, iwo ankalowamo ndi chidebe cha madzi, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwachapira nsalu. Ndinkawaletsa kuti tsiku lina adzatola imfa ndi manja. Ankangoseka n'kunena kuti, "Wodwala samva ulaliki, amamva dzanja."

Nkhondo itatha tidabwerera, tidapeza minda itasanduka tchire. Amuna awo a Raimundo sadakhalitse, adamwalira ndi chifuwa, kuwasiyira mwana mmodzi wa pamsana. Abale adawakakamiza kuti akwatiwenso, iwo adakana mwaulemu. Ankalima okha chimanga ndi mtedza. Mitengo ya kapela yathu yoyamba ina adasenza ndi iwo, udzu wofolera adamweta ndi iwo. Lamulungu lililonse, mapemphero akatha, ankayenda wapansi mudzi ndi mudzi, korona m'khosi, kukaona odwala. Sankafunsa kuti uyu ndi wa mpingo uti. Wa kudambwe ndi wa kukapela, onse ankawasambitsa ndi dzanja lomwelo.

Tsono apa mverani bwino, ana inu, chifukwa ndi pamene pali dzenje. Kwathu kuno tidazolowera kuti munthu wa mtima wabwino samaliza mankhwala yekha. Ukalandira makapisula kuchipatala umamwa mpaka thupi lipepuke, otsalawo umasungira mnzako. Womaliza onse tinkamuti ndi womana. Popeza mayi Ermelinda ndiwo ankayendera odwala, aliyense ankapititsa otsala ake kwa iwo. Ngakhale ogulitsa malonda a ku Cassacatiza ankawatapirako ngati chopereka. Ankawamanga pa mfundo ya kapulana, chitenje chawo chija. Wa chifuwa ankamupatsa awiri, wa chilonda ankamutsegulira mmodzi n'kumuwaza ufa wake pabala. Iwo eni akadwala ankamwa mmodzi, ena onse n'kugawa. Tonse tinkati ndi chifundo, ndipo mumtima mwawo chidalidi chifundo.

Chaka chatha, nthawi yokolola, m'mimba mwawo mudatupa ngati ng'oma. Tidawakweza pa mota, njinga yamoto ija, mpaka ku Chifunde, kumeneko adati matumbo apotana, adawatumiza kuchipatala chachikulu cha kutauni. Ine ndidapita nawo, chifukwa Lonjezani amagwira ntchito kutauni komweko ndipo Vânia adali wotopa, masiku ake atayandikira. Opareshoni idayenda bwino. Adawagoneka m'chipinda cha odwala mwakayakaya, mmene makina amapumira munthu, paipi kukamwa, soro, madzi aja olowa m'mitsempha, m'dzanja. Tinkalowa mmodzimmodzi, titasamba m'manja, ndipo tinkangoima.

Kenaka thupi lidayamba kutentha, bala lidayamba kutulutsa mafinya. Adotolo adabaya mankhwala awa, osamva. Adasintha ena, osamva. Adatenga magazi ndi mafinya kukayeza, ndipo yankho litabwera, enifermera wina, ndiye kuti namwino, dzina lake Célia, mwana wa kuno kwathu, adatikhazika pansi n'kutifotokozera m'Cinyanja. Adati m'magazi mwawo mwalowa tizilombo tosamva mankhwala onse amene chipatalacho chili nawo. Adati tizilomboti tikamalawa mankhwala pang'onopang'ono osafa, timazolowera, monga anankafumbwe amene adyadya chimanga chothira mankhwala osakwanira. Adatinso totere timapezeka kwambiri mmene mwagona odwala kwambiri, timayenda pa manja, pa nsalu, pa mapaipi, ndipo palibe angaloze ngati asewere adabwera nato kapena adatipeza komweko. Koma atamva za mfundo ya pa kapulana ija adagwira pakamwa.

Atawachotsa paipi ya kukamwa, adawasamutsira m'kachipinda kaokha, ka windo loyang'ana pabwalo. Mayi Ermelinda adafunsa okha chimene chikuwadya, ndipo Célia sadawabisire. Misozi idatsika, koma sadadzigugude nthawi yaitali. Adandituma kuti ndikabwerera ndikauze a Narciso alengeze m'kapela kuti womaliza mankhwala ake si womana, ndipo wina asadzagawenso makapisula m'dzina la Ermelinda. Mawuwo ndidakafikitsa, ndipo lero ndikuwabwereza. Amene muli ndi timfundo totere m'nyumba, kamasuleni.

Sabata yomweyo Vânia adachira m'chipatala chomwecho, naye mwa opareshoni, mwana wamwamuna. Uyu ndiye mdzukulu woyamba wa mayi Ermelinda. Adali atamudikira zaka zambiri, chifukwa m'banjamo mphatso idachedwa, ndipo novena zimene adapemphera chifukwa cha mwanayu ndi Mulungu yekha adawerenga. Mwambo mukuudziwa: gogo asanatsikire kulichete ayenera kunyamula mdzukulu, amuuzire mpweya pa liwombo, amutche dzina. Tikamumana, timaopa kuti apita ndi chidandaulo, ndipo chidandaulo cha wakufa chimagwera mwana.

Célia adakanitsitsa kuti khanda kapena mayi wa bala laliwisi asalowe m'kachipinda kaja. Lonjezani sadamve. Adati amayi ake adanyamula ana a mudzi wonse, nanga alephere mdzukulu wawo yekha? Adakonza zoti pa nthawi yoona odwala, anthu akachuluka pakhomo, Vânia abise mwana m'kapulana n'kulowa msangamsanga. Ine ndidasowa kolowera. Ndikaletsa, ndamana wakufa. Ndikalola, ndapereka mwana wanga ndi mdzukulu wanga kwa chilombo chosaoneka.  Potsiriza ndidalowa ndekha kwa asewere, ndidaima patali monga adatiuzira, ndidawafotokozera zonse.

Adayang'ana kudenga. Kenaka adati, "Asewere, mwakhala mukundiopseza kuyambira ku Zambia, lero lokha mwaopa zoona. Muitaneni Lonjezani."

Lonjezani adalowa, adayamba kudandaula kuti ndi kanthawi kochepa chabe, adzangomuika pachifuwa n'kumuchotsa. Iwo adamudula.

"Iwe, unandifunsa ine? Mwanayo ndidamupempha kwa Mulungu kuti akhale ndi moyo, sindidamupemphe kuti ndimunyamule. Ukalowa naye muno, ndiye pamene ndipite ndi chidandaulo."

"Nanga dzina, amayi?"

"Dzina lilibe manja. Kaimeni naye pawindo apo."

Madzulo ake dzuwa lisanalowe tidazungulira kuseri kwa nyumbayo, Vânia akuyenda pang'onopang'ono atagwira pamimba. Célia adawadzutsa asewere n'kuwatsamiritsa pa mapilo. Windo lidali lotseka. Lonjezani adakweza mwana m'mwamba, ine ndidamuvundukula kumaso. Ndidaona manja a asewere akunyamuka okha pa bulangete, manja aja ozolowera, kenaka adawabweza n'kuwapinda pachifuwa. Adamuyang'ana nthawi yaitali. Adalemba mtanda m'malere ndi chala, milomo ikuyenda. Célia ndiye adatuluka kudzatiuza kuti dzina ndi Solomoni, ndi kuti gogo wake akuti mphuno ndi ya a Raimundo, mwana wosauka, koma azolowera. Tidaseka tikulira.

Asewere adakhalako masiku owerengeka. A padiri adabwera atavala zovala za m'manja, adawadzoza mafuta, adawapatsa Ukaristia. Mayi Ermelinda adalangiza amayi a komunidadi yathu, mpingo wathu wa kumudzi, kuti posambitsa thupi lawo amvere zonse zimene achipatala anene, asachite manyazi kuvala za m'manja, chifukwa iwo sadzakhala m'thupimo kuti akhumudwe. Adamwalira m'mawa wa Loweruka, tikunena korona pakhomo pa kachipindako. Tidangoona kuti mayankho awo asiya kumveka. Nkhope idali ngati ya munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

Pamaliro padadza anthu ochokera ku Chifunde, ku Cassacatiza, ena kutsidya kwa malire. Ena ankanong'ona kuti tidamana gogo mdzukulu wake. Ine ndidaimirira n'kuwauza kuti palibe adawamana, adadzimana okha, ali ndi nzeru zawo zonse. Pa ntchito zonse zimene adagwirira Mulungu, ine ndikuti yolemera kwambiri idali imeneyi, yobweza manja.

Tsono ndikukuchenjezani, inu amene mumathamangira kuchipatala ndi makanda kumsana kukazonda odwala. Akakuuzani kuti imani patali, imani patali. Akakuuzani kuti sambani m'manja, sambani, polowa ndi potuluka. Musamakangane ndi a enifermera pakhomo ngati akukubisirani m'bale wanu. Chimene iwo akuopa, inu simungachione ndi maso.

Bala la Vânia lidapola bwinobwino, osatulutsa kanthu. Solomoni tidamubatiza m'kapela yathu mwezi wathawu. Ndi wonenepa, saliralira nthawi ya tulo, ndipo palibe chidandaulo chimene chamugwera. Madzi atamukhudza pamutu adakuwa mpaka a kubwalo adamva. Ndidamunyamula ndine, dzanja limodzi langa, linalo m'malo mwa asewere.

Ambuye awapatse mpumulo wosatha, ndipo ife otsala atipatse makutu.