Tsiku Limene Mayi Musaphethire Anasenza TV

Aliyense amene anakuuzani kuti banja la Mayi Musaphethire latha, m'bwezereni bodza lakelo lisanazizire. Inde, anthu anawaona Lachiwiri m'mawa atasenza TV yokulunga m'bulangete, akuyenda osacheuka. Inde, amuna awo anatuluka atavala malaya motembenuza, akukuwa kuti, "Bwererani nayo!" Zimenezo n'zoona. Koma amayi a ku saluni, amene tsitsi limauma pakamwa pakadali ponyowa, anathiramo mchere wawo: akuti mayiyo wapakira, akuti wapeza wagalimoto, akuti mawa akubwerera firiji. Ine ndimasoka zovala khomo loyandikana ndi situdiyo yawo, ndipo khoma lathu ndi lamatabwa. Ndikamva nkhani, ndimamva ndi mpweya womwe.

Dzinalo si la makolo ayi. Mayiyu ndi wojambula zithunzi, ndipo chiyambire ali kamtsikana kowonda ngati ndodo ya tsache, akuzungulira m'maukwati ndi kamera yobwereka kwa amalume ake, mawu ake ndi amodzimodzi: "Musaphethire!" Ngakhale khanda lobadwa dzulo amaliuza zomwezo. Amuna awonso anawapeza momwemo. Mnyamatayo anabwera kudzajambulitsa chithunzi cha laisensi, n'kumaphethira dala kuti azingobwereza. Pomaliza mtsikana uja anatsitsa kamera n'kufunsa kuti, "Achimwene, mwabwerera chithunzi kapena ine?" Ana anayi anachokera pa funso limeneli.

Bambowo timawatcha a Kochi. Sanamenyepo mpira, ngakhale wachikulunga. Koma chipumireni ntchito yoyendetsa basi, amakhala pa sofa n'kumauza osewera a mu TV kothamangira. Osewerawo ndi osamva, n'chifukwa chake amagonja.

Ana atakula n'kubalalika, m'nyumbamo munalowa kazii. Mayi akadzuka, ku situdiyo. Bambo akadzuka, pa sofa. Moni ankapatsana ngati anthu okumana pa siteji. A Kochi ankati ntchito ya akazi awo ndi "kudinadina mabatani", ndipo chitsegulireni situdiyoyo anali asanapondemo.

Situdiyo yakenso si ya matama. Kachipinda kamodzi, nsalu yabuluu kukhoma, maluwa apulasitiki, ndi jekete limodzi lakuda lobwereka amuna obwera ndi malaya okwinyika. Jekete limenelo lili pa ziphaso za theka la amuna a mumsewu muno, onenepa ndi owonda omwe. Pakona pali kompyuta. Monita yake inali gogo, ndipo inayamba kudwala kalekale. Poyamba inkaonetsa anthu obiriwira ngati akwera basi ya a Kochi pamsewu wokhotakhota. Kenako inkazima yokha, mankhwala ake n'kukhala mbama ya m'mbali. Lolemba lija anaipatsa mbama yake, inangoti thii, kafungo ka waya wopserera, basi maliro.

Wokonza zamagetsi wa kuseri kwa msika anaitsegula, kuinunkhiza, n'kupukusa mutu. "Mayi, iyi yatisiya. Yatsopano ndikuitanitsirani, koma ifika mwezi wamawa. Kunyumba TV ilipo? Kumbuyo kwake kuli bowo lolowa chingwe chomwechi."

Mwezi wamawa! Mu kompyutamo munali zithunzi za ukwati wa mwana wa mayi wina wogulitsa nsalu, mayi wa lilime ngati lumo, amene ananeneratu kuti akuzifuna Loweruka, poti azibale a mkwati ankabwerera kwawo Lamulungu. Zikanapanda kutuluka, msika wonse ukanadziwa, ndipo ukwati wina sukanapondanso pa situdiyopo. Ndiye TV inakwera pamutu.

Tsono apa ndi pamene ine ndinaluma ulusi kuti ndisaseke mokweza. Chingwe chinalowa bwinobwino, TV inayaka, koma kompyuta osaiona. Inkafunika kuuzidwa ndi rimoti, poti mabatani ake adzukulu anazula kalekale. Komanso TV imeneyi ndi yoiwalaiwala: ukaizimitsa, m'mawa imadzuka ikufunafuna mpira. Nanga rimotiyo inali kuti? M'thumba mwa a Kochi, komwe imakhala chigulireni.

A Kochi anatulukira ku situdiyo dzuwa litakwera, akupuma ngati akankha basi.

"Mayi a ana, TV yanga."

"Bambo a ana, rimoti."

"Inu muli ndi TV yopanda rimoti."

"Inu muli ndi rimoti yopanda TV. Kalozeni khoma, muone ngati lingagoletse."

Anayang'anizana ngati atambala, kenako anapangana. A Kochi azibwera m'mawa uliwonse kudzadina okha, chifukwa rimoti yawo sigwidwa ndi dzanja lachilendo. Koma Loweruka masana, timu yawo ikamasewera, TV ibwerere ku mpira pomwepo, zithunzi zithe zisathe. Wometa tsitsi wa khomo lachitatu analonjeza kukoka waya kuchokera pa dishi yake.

Masiku otsatirawo a Kochi ankalowa, kudina, n'kukakhala pa benchi panja atafulatira. A ku saluni anati, "Mwaona? Nsanje. Akulondera mkazi." Lachinayi magetsi anathima tsiku lonse, ntchito n'kutsalira. Loweruka linafika chithunzi chimodzi chisanathe, chachikulu chija cha banja lonse. Kumbuyo kwa mkwatibwi kunali bambo wina woledzera, lilime panja, botolo m'mwamba.

Mayi wansalu anali atakhala pamenepo, manja atapinda. "Mlamu wanga uyo achoke. Akapanda kuchoka, sinditenga ngakhale chimodzi."

Pomwepo a Kochi analowa, kumbuyo kwawo wometa ndi anzake atanyamula mabenchi.

"Nthawi yakwana, mayi a ana."

Mayi Musaphethire sanacheuke. "Dinani, bambo. Pangano ndi pangano." Mawu anali ouma. Ine ndinali pakhomo, ndikuona zonse.

A Kochi anakweza rimoti. Pa TV yaikuluyo, woledzera uja anali ngati munthu weniweni waima m'chipindamo. Ndiye botolo lake linangoti zii, kusowa. Chala cha a Kochi chinauma m'malere.

"Botolo lapita kuti?"

"Ndalichotsa."

"Nanga khoma lakumbuyo kwakelo mwalitenga kuti?"

"Ndikumanga. Sunthani, mukunditchinga."

Dzanja la woledzera linasungunuka. Phewa linatsatira. Pamalo pake panamera njerwa, imodzi ndi imodzi, ngati zinalipo kale.

"A Kochi, mpira wayamba!" anatero wometa.

"Khala chete iwe, pano pali faulo!" A Kochi anali ataika kale rimoti m'thumba, atawerama manja pamawondo, monga amachitira pa penate. "Kadi yofiira! Atuluke ameneyo! Yambani lilimelo, mayi a ana, lilimelo! Eyaa! Kumanzere tsopano!"

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, a Kochi anauza munthu wa kutsogolo kwa TV kuti kumanzere, munthuyo n'kupitadi kumanzere. Anzawo aja anaiwala chimene anabwerera. Mutu utasowa, mabenchi onse anaimirira. Mayi Musaphethire anati atsamire kuti ndatha, koma a Kochi anakuwa:

"Nsapato! Wasiya nsapato pansi pa diresi!"

Zoonadi, kansapato kamodzi kanali kakusuzumira pansi pa diresi la mkwatibwi, kopanda mwini. Pa gogo wa monita uja sikakanaoneka n'komwe. Mayi anakakolopa kamodzi, chipinda chonse n'kuphulika: "Chigoliii!"

A ku saluni anathamanga ndi mawigi m'manja, poganiza kuti ndewu ija yayambika. Anapeza a Kochi atakweza dzanja la akazi awo m'mwamba ngati wopambana nkhonya, akuuza aliyense kuti, "Akazi anga awa! Amachotsa munthu osamukhudza!"

Mayi wansalu anaseka mpaka duku linagwa. Kenako anasendera pafupi, n'kunong'ona mokweza monga amachitira, "Asisi, poti mwayamba kale, simungandichotsereko chibwano chachiwirichi?"

"Ameneyo ndi wosewera wakale, mayi," anayankha a Kochi. "Satuluka."

Zithunzi zitatuluka, Mayi Musaphethire anawakumbutsa okha amuna awo za mpira. Atadina, anapeza timu yawo yamwa kale ziwiri. A Kochi anayang'ana pang'ono, n'kutsonya. "Osamva amenewa. Kulibenso ukwati wina tione?"

Monita yatsopano ija inabwera. Ili kunyumba m'katoni yake, pamwamba anayalapo kansalu n'kuikapo maluwa. M'mawa uliwonse awiriwo amadutsa pakhomo panga limodzi, a Kochi atanyamula chikwama cha kamera, akukangana za amene anaiwala kutseka zenera. Ndi iwo tsopano amene amaveka makasitomala jekete lija, ndipo akazi awo asanatsegule pakamwa amayamba ndi iwo kukuwa kuti, "Musaphethire!" Munthu amene anapeza banja chifukwa chophethira! Rimoti ikadali m'thumba mwawo, ndipo mayi sanagule ina, ngakhale kuti pamsika zili mbwee.

Chimene chinatha ndi monita, banja lija linangosamukira ku situdiyo.