Katochi Koona Chipani M'diso

Inu owerenga, pakamwa pangapa panatsala pang'ono kuwathera maso bambo anga. Ine ndine uja nkhani ya mbewa ndimaifikitsa ili njovu, ku Ligowe konse amandidziwa.

Zinali zaka zija titangoyamba kuvotera zipani zambiri. Bambo anali atayamba kuwomba zitseko ndi phewa. Mbuzi ikadutsa cham'mbali osaiona, koma ulusi pasingano amalowetsa okha. Diso silinkawawa, ndiye tinkangowaseka kuti ayamba kachasu, chonsecho munthu ndi mkulu wa mpingo.

Kenaka kuchipatala chathu kunabwera adokotala a maso ndi katochi kosuzumira m'kati mwa diso. Ine pabawo ndinangoti katochi kaja kamaona chipani chimene munthu unavotera, mpaka chala chimene unaviika mu inki. Anzanga anagwa nako kuseka. Bambo, amene anali pomwepo, sanaseke. Iwo anakula nthawi ija ukanena za ndale, ngakhale kwa nkhuku yako, umasowa. Anakanitsitsa kupita, adokotala n'kubwerera kwawo.

Mvula inabwera, inatha. Tsiku lina pamsika njinga inawagunda bambo ikuchokera kumanzere, iwo osaiona n'komwe. Nthabwala zinandithera pomwepo.

Adokotala atabweranso ndinawagwadira bambo kuti tipite, ndiyambe ndine iwo akuonerera. Adokotala atandiunika, bambo anafunsa, "Kodi mwaonamo chiyani mwa ameneyu?"

"Timitsempha ta magazi basi, bambo," anatero adokotala. "Bodza ndamva kuti lilimo, koma katochi kanga sikaliona."

Bambo anaseka, n'kukhala pampando. M'maso mwawo adokotala anapeza timitsempha titakankhidwira m'mbali, mtsempha woonera utakumbika ngati mbale. Anati ndi gulokoma: madzi a m'diso amapanikiza mwakachetechete, kuona n'kumatha kuyambira m'mbali. Anatitumiza ku Blantyre, komwe anajambula m'kati mwa diso n'kutionetsa timitsemphato, tili ngati mizu ya bonongwe. Lamanzere linali litapita. Lamanja analipeza likadali moyo, ndipo anatipatsa mankhwala odontheza kuti lisatsatire linzake.

Lero bambo amawerenga okha nyimbo kutchalitchi, ndipo wowadonthezera m'mawa uliwonse ndine. Amati ndicho chindapusa changa, chosatha mpaka adzafe.

Choncho inu owerenga, mkulu akayamba kuwomba zitseko musadikire kuti diso liwawe, matendawa sawawa. Pitani nawo akawaunike. Ndipo inu anzanga a pakamwa, mukaponya nthabwala musamangomvera osekawo. Muziyang'ana amene sanaseke.