Batire Limodzi Lokha

Kamera yanga yoyamba ndinakaigula ku Limbe mu Okutobala, ntchito yodula nzimbe ili pafupi kutha. Chikwanje ndi phulusa la ku esiteti zinali zitandikwana, ndipo ndinkauza anzanga kuti ndiyamba kujambula maukwati kwathu ku Tengani. Koma chimene chinandithamangitsa kwenikweni ndi bambo. Anali atangotuluka m'chipatala kachiwiri ndi chifuwa chosamva mankhwala, ndipo mlongo wanga, amene ankawasamalira, anandiimbira kuti akungothera pamphasa. Bambo analibe chithunzi ngakhale chimodzi. Anawoloka Shire pothawa nkhondo ya ku Mozambiki opanda pepala lililonse, ndipo kachitupa kovotera kamene kanali ndi nkhope yawo kanapita ndi madzi osefukira limodzi ndi mbuzi.

Wogulitsa anali munthu wofatsa. Anandiikira makamera awiri patebulo: kena kakang'ono kogwiritsa ntchito mabatire ogula pagolosale iliyonse, ndi ina yaikulu yakuda, ya diso lotuluka, yokhala ndi batire lakelake lotchaja pamagetsi. Anandifunsa ngati kwathu kuli magetsi. Ndinati alipo, bodza lenileni. Anandiyang'ana mapazi, mwina anaona fumbi la kuchigwa, n'kunena kuti nditenge kakang'onoko, apo ayi ndigulirenso batire lachiwiri. Ine? Kukaima pa ukwati ndi kanthu konga bokosi la machesi, anthu andiseke? Ndinatenga yaikuluyo. M'malo mwa batire lachiwiri ndinasankha chikwama cha matumba ambirimbiri ndi choimikapo kamera cha miyendo itatu, kuti aliyense aone kuti kwabwera katswiri.

"Achimwene, chikwama sichijambula," anatero akundikulungira katunduyo. Ndinaseka. Mpaka lero mawu amenewo amandiwawa.

Mu minibasi sindinaipumitse kamera ija. Ndinajambula zitunda potsetsereka ku Chikwawa, mlatho, malole a nzimbe, amayi ogulitsa nsomba zouma. Aliyense wokhala nane pafupi ndinkamujambula n'kumuonetsa nkhope yake pa kagalasi kakumbuyo, iye n'kugwira pakamwa, ine mtima uli mbee. Pakona pa kagalasiko panali kachizindikiro kamene kankachepa pang'onopang'ono. Sindinkadziwa n'komwe ntchito yake.

Ndinafika dzuwa litapendeka koma likuotchabe ngati ng'anjo. Bambo anali gone pansi pa mtengo wa nimu. Nditawaona ndinachita mantha: anali atatsala mafupa, maso atalowa m'kati. Koma ataona kamera anamwetulira. Anati sangajambulidwe chomwecho, ndi malaya ong'ambika ngati munthu wopanda ana. Amafuna jekete yawo imene ankavala popita kutchalitchi ndi kokagulitsa thonje. Anadzuka movutikira, n'kuyamba kulowera kunyumba ndi ndodo, ine ndikungodinadina poyeserera.

Kuvalako kunatenga nthawi. Mlongo wanga anawameta ndevu, kuwadzoza mafuta, n'kuipana jekete ndi mapini kumsana chifukwa inkangolendewera. Ine panja anthu anali atandizungulira. Ndinajambula achinansi, ndinajambula nkhuku, mpaka nkhokwe ya mapira yopanda kanthu ndinaijambula. Kupusa kwanga kunalibe malire tsiku limenelo.

Kenako anatuluka. Tinawakhazika pampando, iwo n'kuwongola msana, manja pamawondo, akubanikiza chifuwa kuti asatsokomole. Ndinatambasula miyendo itatu ija mwaulemu wake, ndinasuzumira, ndinadina. Kanyali kofiira kanaphethira kawiri, diso la kamera linabwerera m'kati, kagalasi n'kuda bii. Ndinadinanso. Zii.

Bambo anali chikhalirebe, osaphethira, thukuta likutsikira m'kolala.

"Watha, mwananga?"

"Ndatha, Baba."

"Pyadidi," anayankha m'Chisena chawo, kutanthauza kuti zili bwino, n'kumasula chifuwa chija. Atafuna kuona, ndinawauza kuti chithunzi chabwino chimayamba chatsukidwa kuboma. Mumtima ndinkati palibe vuto, mawa ndikatchaja n'kuwapempha kuti tijambulenso china.

M'mawa ndinapalasa njinga kupita kwa wometa tsitsi amene anali ndi sola. Ndinapeza mafoni ali pamzere, ndipo batire langa linadzaza dzuwa litapendeka. Pobwera ndinapeza bambo atalowetsedwa m'nyumba, sakuthanso kukhala tsonga. Ndinaima pakhomo ndi kamera yodzaza moto. Mlongo wanga anandiyang'ana kamodzi n'kundiuza kuti ndisayerekeze, eni ake anakana kujambulidwa ali chomwecho. Ndinaibwezera m'chikwama chokongola chija.

Bambo anakhala ndi moyo masiku atatu okha. Tsiku lina anatsegula maso n'kundifunsa ngati jekete inaoneka bwino pachithunzi. Ndinati inaoneka bwino kwambiri. Aliyense wobwera kudzawazonda, bambo anali atamuuza kale kuti mwana wawo wawajambula.

Choncho maliro atatha, azakhali ndi abale ochokera kutsidya anayamba kufunsa chithunzicho, aliyense akufuna chake. Ndinathawira kuseri kwa nkhokwe n'kuyamba kufufuza m'kamera, ngakhale ndinkadziwa kuti mulibe. Zitunda, mlatho, malole, nkhope za anthu a mu minibasi amene sindinadzawaonenso, nkhuku. Pakati pa zonsezo ndinapeza chimodzi chimene ndinadina poyeserera: bambo kumsana, malaya ong'ambika, ndodo kudzanja, phazi limodzi lili pakhomo. Nkhope palibe.

Abale ndinawauza zoona, ndipo zimene azakhali anandilankhula sindingazilembe pano. Chithunzi cha msanacho ndinakatsukitsabe kuboma, n'kupita nacho kwa mlongo wanga. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, mwina zikanandipepukira. Iye anachigwira nthawi yaitali, n'kuchipukuta ndi chitenje pamene panalibe fumbi.

"Apa akupita kukakuvalira jekete," anatero, n'kundibwezera.